Maoda asanu asowa pakati pa AS2 ndi SAP, koma MDN ikuti zonse zili bwino

Nabanda:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kasitomala amatumiza maoda a EDIFACT (kalembedwe ka mauthenga a malonda otumizirana pa makompyuta), EANCOM D.96A, kudzera pa AS2, njira yotumizirana mafayilo otere pa intaneti. Amalowa mu SAP PO 7.5 ya Java yokha yokhala ndi B2B add-on, yomwe ndi mkhalapakati wa mauthenga, mapping imawasandutsa IDoc (uthenga wa mu kalembedwe ka SAP) ya ORDERS05, kenako IDoc_AAE imawaponya mu ECC, SAP yathu yosungira maoda. Iwo akuti Lolemba anatumiza maoda 46, koma mu VA05, mndandanda wa maoda, mukuoneka 41. Atitumizira ma MDN awo, malisiti amene AS2 yathu inawabwezera, ndipo onse akuti "processed". A sales akufuna tingowauza kuti atumizenso onse 46. Tiyambire pati?

a Mbewe:
Achemwali, choyamba asatumizenso. Akatero mukhala ndi maoda 41 obwereza, ndipo lole ipakira katundu kawiri wina asanazindikire.

MDN musaipatse ulemu woposa ntchito yake. Imangonena kuti envelopu yafika, yatseguka ndi kiyi yanu, ndipo siginecha yagwirizana. Zili ngati mlonda wa pageti wasainira kalata. Zoti bwana waiwerenga, kapena kuti m'katimo muli zomveka, mlondayo sadziwa.

Apempheni manambala atatu pa oda iliyonse yosowayo: nambala ya interchange (phukusi lonse la mauthenga) ya mu UNB, nambala ya message ya mu UNH, ndi nambala ya oda ya mu BGM+220. Mukatero muyambe kumapeto n'kumabwerera m'mbuyo. Mu ECC tsegulani WE09, ikani segment E1EDK02, field BELNR, ndi nambala ya oda. IDoc ikapezeka, vuto lili mu ECC ndipo status ikuuzani. Ikapanda kupezeka, pitani ku Message Monitor ya PO. Kumeneko oda imodzi imaoneka kawiri: ulendo woyamba kuchoka pa AS2 kupita ku EDISeparator, yogawa interchange kukhala mauthenga paokhapaokha, wachiwiri kuchoka pa EDISeparator kupita ku IDoc. Ambiri amangoona wachiwiri n'kunena kuti sinafike, chonsecho inafera pa woyamba. Nthawi yofufuzira muitambasule ndi maola awiri mbali zonse, chifukwa ma log ena amalemba UTC pamene ife tili pa UTC+2.

Nabanda:
Zikomo a Mbewe. Awiri apezeka mu WE09, onse ali pa status 51, yoti IDoc inafika koma oda sinapangidwe. Atatu enawo ali mu interchange imodzi, ndipo yafiira mu PO pa ulendo woyamba uja. Log ikudandaula za segment yosadziwika, ikuti "OMB". Mu D.96A sindikuidziwa segment yotero.

a Gondwe:
Kulibedi. Tsegulani payload yeniyeniyo, osati XML, musake mawu akuti OMBE. Ndikukhulupirira mupeza mzere wonga uwu:

IMD+F++:::NYAMA YA NG'OMBE 500G'

Mu EDIFACT nkhodolero, kachizindikiro kaja ka pakati pa ng ndi ombe, ndi kamene kamatseka segment. Parser ikafika pa NG' imaona ngati IMD yatha, ndiye zilembo zitatu zotsatira imazitenga ngati dzina la segment yatsopano. OMB wanuyo ndi ameneyo. Malamulo a EDIFACT ali ndi njira yake: mfunsiro umaikidwa patsogolo pa chizindikiro chilichonse chomwe chili m'mawu wamba koma chili ndi ntchito mu syntax. Zoyenera kubwera ndi izi:

IMD+F++:::NYAMA YA NG?'OMBE 500G'

Ndi mmene zilili ndi + ndi : komanso mfunsiro womwewo, umene umalembedwa ??. Zizindikiro zimenezi zimalengezedwa mu UNA kumayambiriro kwa fayilo, nthawi zambiri UNA:+.? ' ndipo UNA ikapanda kubwera, zomwezi ndi zimene zimagwira ntchito pa UNOA.

Vutoli limakonda mayina athu. Wolemba template ya kasitomala mwina anayesera mayina a katundu opanda nkhodolero, zonse n'kuyenda. Tsiku limene wina walemba ng'ombe, ng'oma, kapena adiresi yokhala ndi M'mbelwa mu NAD, m'pamene zimaphulika. Onaninso UNT, segment yotseka message yomwe imanena chiwerengero cha ma segment. Iwo anawerenga ma segment molondola malinga ndi mmene anawalembera, kuphatikiza UNH ndi UNT yomwe, koma parser yanu ipeza imodzi yoonjezera. Ndiye ngakhale OMB ikanadutsa, chiwerengero chikanakana. Maoda awiri enawo alibe mlandu, angofera limodzi ndi mnzawo chifukwa anakwera galimoto imodzi. Kutengera mmene munaikira separator, imakana interchange yonse kapena message yolakwika yokha.

Nabanda:
Ndi momwemo ndithu, mzere wa 7 wa oda yachiwiri.

a Kumwenda:
Bwanji osangoika module patsogolo pa converter yosintha NG' iliyonse kukhala NG?' basi? Kudikira kuti kasitomala wamkulu akonze zake kumatenga miyezi, pomwe nyama ikufunika mawa.

a Gondwe:
Achimwene, imeneyo ndiye ingakuphereni maoda abwinobwino. Segment ikhoza kuthera pa NG mwachilungamo. Taganizani za FTX kapena IMD yothera pa mawu akuti PACKING'. Mukaika mfunsiro pamenepo mwachotsa chitseko chenicheni, ndipo segment yotsatira, kaya ndi QTY, imezedwa n'kukhala gawo la mawu ofotokoza katundu. Mwayi ukakhalapo UNT ikana. Mwayi ukapanda kukhalapo, ngati wina anazimitsa kuwerenga kwa UNT, oda ilowa yopanda kuchuluka kwa mzere umenewo.

Ngati mwakakamizika kusesa nokha, lamulo likhale lakuti nkhodolero yotseka segment imatsatiridwa ndi zilembo zazikulu zitatu ndi +, kapena ndi mapeto a fayilo. Ina iliyonse yosatsatiridwa ndi zimenezi, yomwenso ilibe kale mfunsiro patsogolo, ndiyo yosochera. Muganizirenso CR ndi LF zimene ena amaika pakati pa ma segment. Ndipo kusesaku kuchitike AS2 itamaliza kutsimikiza siginecha, fayilo yoyambirira mutaisunga osaikhudza, chifukwa pa mkangano umboni ndi yomweyo.

Komabe kwa ine uku n'kumata mphika wa eni ake. Amene sateteza nkhodolero sateteza + kapena :, ndipo ziwirizi simungazizindikire ndi regex. Dzina la katundu ngati "SOPO 2+1" lidzangogawika pawiri mwakachetechete. Atumizireni mzere wolakwikawo ndi wolondola pambali pake, akonze template, atumizenso maoda atatu okhawo ndi nambala yatsopano ya UNB. Ndi nambala yakale, duplicate check yanu ikhoza kuwakana.

Nachisale:
Ndionjezere za mbali yotuluka, poti nanunso mumatumiza INVOIC (invoisi) ndi DESADV (chidziwitso cha katundu wotumizidwa) zokhala ndi mayina omwewa. Data element 7008 ya mu IMD mu D.96A imatenga zilembo 35, pamene MAKTX ya SAP imafika 40. Dulani kaye pa 35, kenako muike mfunsiro. Converter ya add-on imaika yokha mfunsiro pochoka ku XML, ndiye mu mapping mungodula basi. Vuto limabwera wina akalemba UDF, ka function kakekake ka mu mapping, yoika mfunsiro, kenako substring n'kudula pakati pa ? ndi '. Mzere umathera pa mfunsiro, mfunsiro uja n'kuteteza nkhodolero yeniyeni yotseka segment. Kapena onse awiri amaika, UDF ndi converter, kasitomala n'kulandira NG???'OMBE.

Chinanso ndi zilembo. UNOA imalola zilembo zazikulu zokha, UNOB imalola ndi zazing'ono zomwe, UNOC ndi ISO 8859-1. Chilembo cha ŵ mu ISO 8859-1 mulibe. Wina akalemba Malaŵi mu adiresi ya kasitomala, mu UTF-8 ndi ma byte awiri, C5 B5, ndipo wowerenga ngati Latin-1 amaona MalaÅµi. Chimodzimodzi nkhodolero yopindika imene Word imaika yokha, yomwe ndi ma byte atatu, E2 80 99. Imeneyi sithyola segment, koma mu UNOC siloledwa. Mu mapping zisintheni kukhala w ndi nkhodolero yowongoka, pokhapokha mutagwirizana za UNOW pa syntax version 4.

Nabanda:
Kalata ya kwa kasitomala yapita. Tsopano awiri a 51 aja. Woyamba ukuti "Partner number ... for customer ..., partner function WE does not exist". Wachiwiri ukudandaula za unit of measure pa mzere wa 3.

a Mbewe:
Woyambayo ndi sitolo yatsopano. GLN, nambala yozindikirira sitolo, ya mu NAD+DP, ya manambala 13, ilibe mnzake mu EDPAR, tebulo lofananitsa manambala akunja ndi a SAP. Tsegulani VOE4, muike sold-to, partner function, GLN ngati nambala yakunja, ndi nambala ya ship-to ya mu SAP ngati yam'kati. Misampha ilipo iwiri. Mukalowa mu Chingerezi, pa sikirini mulemba SH koma mu tebulo mumasungidwa WE, ndiye musadabwe SE16 ikaonetsa mosiyana ndi zimene munalemba. Wachiwiri, onani kumene mapping yaika GLN mu E1EDKA1. Nambala yakunja yoti isinthidwe kudzera mu EDPAR imapita mu LIFNR, pamene PARTN ndi ya nambala ya SAP yeniyeni. Popeza masitolo ena akuyenda, mapping ili bwino, koma ndikunena kuti wina asaisinthe pofuna kukonza. Ship-to yatsopanoyo iyeneranso kukhala pa partner functions za sold-to mu sales area yomweyo, apo ayi IDoc idutsa EDPAR n'kukagwa patsogolo pang'ono.

M'bale wake wa uthengawu ndi uja wakuti "VKORG, VTWEG, SPART cannot be determined". Umenewo ndi wa EDSDC, pa VOE2. Kapena mudzaze E1EDK14 mu mapping: QUALF 008 sales organisation, 007 distribution channel, 006 division, 012 mtundu wa oda.

Nachisale:
Wa unit uja, onani MENEE mu E1EDP01. Malo amenewo amafuna code ya ISO, osati ya SAP. PCE, KGM, LTR, osati ST, KG kapena L. SAP imasintha kudzera mu zimene zili mu CUNI. Ma unit awiri akakhala ndi code imodzi ya ISO, monga ST ndi PC onse pa PCE, imatenga yokhala ndi chizindikiro cha primary code. Ngati yosankhidwayo ilibe mzere mu Units of measure za katunduyo, mu tebulo la MARM, IDoc imagwa pa 51.

Koma 51 ndi bwenzi, amakuwa. Woopsa ndi 53, status yoti oda yalowa, akakhala wabodza. Kasitomala akutanthauza makatoni 12 a mabotolo 24, QTY+21:12 yabwera yopanda unit, mapping ili ndi PCE yokhazikika, oda n'kulowa ya mabotolo 12 m'malo mwa 288. Zonse zobiriwira. Katoni ndi botolo zili ndi GTIN (nambala ya pa barcode) yosiyana, ndiye GTIN ya mu LIN ndi imene iyenera kulamula unit. Pa maoda 41 olowa bwino aja, tengani atatu kapena anayi mufanizire QTY ndi zimene zili mu VA03.

a Kumwenda:
Akakonza master data, ayendetse pa WE19?

a Mbewe:
Ayi, BD87. Sankhani IDoc yomweyo ya 51, Process, ipita 53 ndi nambala yake yomweyo. WE19 imabereka IDoc yatsopano, yakale n'kutsala pa 51, ndipo job ya RBDMANI2 ikadzaidzutsa usiku mukhala ndi maoda awiri. WE19 ndi ya ku QA. Ngati cholakwika chili m'kati mwa IDoc momwemo, monga MENEE, mukhoza kusintha mu WE02: yoyambirira imasungidwa pa 70, yosinthidwa imakhala 69, kenako BD87. Ndi ya tsiku limodzi imeneyo, mawa oda ina idzagwanso ngati mapping sinakonzedwe. IDoc imene mwaganiza zoisiya muiike pa 68 kuti isadzukenso.

Mu VOV8 muli malo oti SAP izionetsetsa ngati nambala ya oda ya kasitomala inalowa kale. Yatsani, koma muyese kaye ku QA kuti muone mmene ikuchitira ndi IDoc, chifukwa chenjezo la pa sikirini silichita mofanana nthawi zonse ndi la kumbuyo.

a Tembo:
Pepani kulowa pa nkhani ya achemwali, koma langa ndi la njira yomweyi mobwerera. Ma INVOIC02 okwana 30 ali pa status 03 mu WE02. Mu PO mulibe ngakhale imodzi. A maakaunti akuona zobiriwira ndiye akuti invoisi zinapita.

a Gondwe:
03 imatanthauza kuti IDoc yaperekedwa ku port, basi. Pa port ya tRFC ndiye kuti yalembedwa mu mzere wa SM58, osati kuti yafika. Tsegulani SM58, pa user muike *, tsiku mubwerere nalo m'mbuyo. Mupeza ma LUW anu, mapukusi odikira kutumizidwa, ndi chifukwa chake pambali. Pa PO ya Java yokha, destination ya mu SM59 imakhala ya mtundu wa T yokhala ndi program ID imene inboundRA imalembetsa pa gateway. Uthenga ukakhala woti program sinalembetsedwe, onani mu SMGW pa logged on clients ngati ID imeneyo ilipo. PO ikayambitsidwanso, kapena mawu achinsinsi a user wa RFC akatha, kapena wina akasintha fayilo ya reginfo, kulembetsako kumagwa. Connection test ya mu SM59 ikuuzani pompo.

Zikakonzeka, yesani LUW imodzi ndi F6, ikadutsa yendetsani RSARFCEX pa zotsalazo. Musatumizenso kuchokera ku output ya invoisi pomwe ma LUW akadali mu SM58, kasitomala angalandire invoisi iliyonse kawiri. Ndipo ikani RBDMOIND ngati job, ola lililonse kapena pafupipafupi. Imasuntha 03 kupita 12 pokhapokha tRFC itathadi. Mukatero IDoc yokhalitsa pa 03 imakhala chenjezo looneka ndi maso, a maakaunti n'kuphunzira kuti chobiriwira chodalirika ndi 12.

a Tembo:
SM58 ili nazodi zonse 30, koma sikunena za program. Ikunena za segment Z1EDP01X yosapezeka mu metadata.

Nachisale:
Ndiye kuti transport yaposachedwa inabweretsa extension, PO ikadali ndi chithunzi chakale cha IDoc. Ntchito ndi zitatu ndipo zonse zimafunika. Mu ESR itanitsani IDoc yatsopano ndi extension yake, INVOIC.INVOIC02 ndi dzina la extension, muiike mu mapping ndi mu ICO. Mu IDoc Adapter Monitor, pa Metadata Monitor, fufutani metadata yakale n'kukokanso yatsopano. Pa dual stack yakale ntchito imeneyi inali ya IDX2. Chachitatu onani WE20 kuti partner profile ili ndi extension yomweyo, kuti CIMTYP, field ya dzina la extension mu control record, idzaze. Segment ya Z ikakhala mu data pomwe CIMTYP ili mbee, IDoc kawirikawiri imagwa kale pa 26 isanachoke n'komwe. Onaninso mu WE31 kuti segment inatulutsidwa ndi Set release, poti field yoonjezedwa pambuyo pake imasintha version ya segment ndi kutalika kwake. Zikasiyana, mawu amasuntha malo, mtengo n'kupezeka mu field ya tsiku.

a Tembo:
Zadutsa, zonse 30 zili Delivered mu PO. Ndiwauze a maakaunti kuti zatheka?

a Mbewe:
Dikirani pang'ono, bambo. Channel yanu ya AS2 ikupempha MDN ya sync kapena async? Pa sync, MDN imabwera pa kulumikizana komweko kwa HTTP, ndiye Delivered ili ndi tanthauzo. Pa async, Delivered ikhoza kungotanthauza kuti seva yawo inayankha 200. MDN imabwera payokha pambuyo pake, ku URL imene munaika mu Receipt-Delivery-Option, ndipo imafuna sender channel yake yoilandira komanso firewall yolola IP yawo. URL imeneyo ikakhala ya dzina la seva lam'kati, iwo sangaifikire, ndipo simudzamva kanthu, chabwino kapena choipa.

MDN ikabwera werengani mzere wa Disposition. "decryption-failed" ndiye kuti mwatsekera ndi satifiketi yawo yakale kapena yolakwika. "authentication-failed" ndiye kuti iwo alibe satifiketi yanu yoyenera yotsimikizira siginecha. Kumbukirani kuti mumasaina ndi kiyi yanu yachinsinsi, mumatseka ndi satifiketi yawo. Kuti muthetse mkangano woti ndani ali ndi yolakwika, mbali zonse ziyendetse openssl x509 -in cert.cer -noout -enddate -fingerprint -sha256 n'kuwerengerana fingerprint. Dzina la fayilo musalikhulupirire. AS2-From ndi AS2-To zimasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, malinga ndi RFC 4130, ndipo mpata umodzi wotsalira kumapeto ukwanira kuti akukaneni.

a Kumwenda:
Nanga ija yakuti MDN ikuti processed koma MIC sikugwirizana? Ambiri amangoisiya.

a Gondwe:
Asaisiye, chifukwa MIC ndi imene imatsimikiza kuti chimene alandira ndi chimene munatumiza, byte ndi byte. Zoyambitsa zodziwika ndi ziwiri. Inu mwapempha sha-256 mu Disposition-Notification-Options, iwo awerengera ndi sha1, ndipo dzina la algorithm limalembedwa kumapeto kwa Received-Content-MIC, ndiye mungoona. China ndi mathero a mizere: mbali imodzi yasintha LF kukhala CRLF isanawerengere. Kutumiza payload ngati binary kapena base64 ndi Content-Type application/edifact kumathetsa zambiri zotere. Ngati mukugwiritsa compression, gwirizanani ngati ikuchitika musanasaine kapena mutasaina.

Musasokoneze satifiketi ya AS2 ndi ya TLS. "Peer certificate rejected by ChainVerifier" ndi ya TLS: root kapena intermediate ya seva yawo mulibe mu TrustedCAs. openssl s_client -connect ndi -showcerts ikuonetsani unyolo wonse. Mukalowetsa yatsopano imitsani channel n'kuiyatsanso, poti imakonda kusunga yakale.

Nachisale:
A Tembo, pamwamba pa MDN pemphani CONTRL. Ndi imene imanena kuti syntax yavomerezedwa. Mu UCI ndi UCM onani action code: 7 yavomerezedwa, 4 yakanidwa pamodzi ndi zonse za pansi pake, 8 yangolandiridwa osafufuzidwa. Code yotsatira imanena chifukwa: 29 chiwerengero sichikugwirizana, 26 yobwereza, 39 mawu atalika, 21 chilembo chosaloledwa. Achemwali a Nabanda, nanunso mukanakhala kuti mumabweza CONTRL, kasitomala akanaona 4 Lolemba lomwelo. Ngakhale CONTRL sinena kuti invoisi yalowa m'mabuku awo. Imeneyo ndi ntchito ya APERAK, ngati amaitumiza.

Nabanda:
Maoda atatu abweranso ndi NG?'OMBE ndipo alowa. Awiri a 51 ali pa 53 kudzera mu BD87. Pofanizira ndapeza oda imodzi mwa 41 aja ili ndi mabotolo m'malo mwa makatoni, a sales aikonza isanapakiridwe. Chatsala n'chakuti mu monitor muli ma DESADV 14 pa Holding kuyambira dzulo, ndipo Resend sikuwasuntha.

a Mbewe:
Holding ndi ya EOIO, njira yotumiza mauthenga kamodzi ndiponso motsatana, akudikira mnzawo wa patsogolo. Resend pa iwo singathandize. Mu Message Monitor onetsani Sequence ID ndi Sequential Number, sefani ndi Sequence ID imeneyo, status zonse, ndipo tsiku mubwerere nalo kutali, chifukwa wotsekereza akhoza kukhala wa sabata yatha. Wa nambala yotsikitsitsa amene sali Delivered ndiye mwini vuto, kawirikawiri ali pa System Error atayesa katatu motalikirana mphindi zisanu, ngati simunasinthe zoikika za channel. Konzani chomwe chinamugwetsa n'kumutumizanso, enawo atsatira okha. Mukamuchita Cancel, yambitsani wotsatira wake ndi Resend, ndipo DESADV yochotsedwayo muitulutsenso kuchokera ku delivery yake mu VL02N. Ikakhala kuti masitolo onse ali mu Sequence ID imodzi, igaweni potengera ship-to, kuti sitolo imodzi ya GLN yolakwika isamaimitse ena onse.